Odi M'nyumba Mwawo Momwe

Chisamba anaima pabalaza manja ali m'chiuno, nkhope ili ngati wapeza khoswe mu ndowa ya madzi akumwa. Anzake a ku sekondale anali atapangana zodzawerengera kwawo Lamlungu. Kwa anzakewo iye anali atafikako kale: makatani ofika pansi, maluwa patebulo, zonse waliwali ngati zithunzi za pafoni.

Nanga kwawo? Mpando wa bambo ake unali pazenera, wong'ambika, thonje lili panja. Tebulo analikankhira kukhoma. Chingwe chakuda bii ndi thukuta la m'manja chinkachokera pakhomo la kuchipinda mpaka pazenerapo. Pakati ponse panali pululu ngati bwalo la mpira.

"Amayi, nyumba ino ikundichititsa manyazi," anatero.

"Manyazi akowo ukawafunde," anayankha mayi ake osacheuka n'komwe. "Ukadzamanga yako udzaikemo ngakhale mtsinje. Muno usasunthe kanthu. Wandimva?"

Bambo ake a Chisamba anali telala, koma matenda a shuga anawalanda maso. Kunja ankayenda chowagwira dzanja. M'nyumba mokha ndi momwe ankakana kugwiridwa. Ankatuluka kuchipinda, dzanja pachingwe, n'kukafika pampando wawo. Wailesi ankaipeza pazenera, kapu pakampando kakumanja. "Muno ndimaona kuposa nonsenu," ankatero, n'kumuuza Chisamba pomwe wataya chipeso chake.

Loweruka mayi anapita nawo bambowo kuchipatala. Chitseko chisanazizire n'komwe, Chisamba anathamangira kwa azakhali ake kukabwereka kapeti, katebulo kagalasi ndi botolo loikamo maluwa. Kapeti anayala pakati. Katebulo anakakhazika pamwamba pake. Chingwe chija anachidula ndi mpeni. Mpando anaukokera panja, ndipo mayi wina wokazinga malonda pamsewu ataupempha kuti akauwaze nkhuni, Chisamba anati, "Tengani, mwandithandiza."

Kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Panakongoladi, tisanamizanepo. Anajambula ndi foni, mtima uli m'malo.

Makolo ake anafika dzuwa litapendeka. Mayi anatsalira pachipata akukangana ndi woyendetsa galimoto yemwe anawatsitsira pamatope. Bambo anachotsa dzanja lawo paphewa la mkazi wawo.

"Ndisiye, mayi wa ana. Ndafika kwathu."

Analowa mwachangu monga mwa masiku onse. Dzanja linapita kukhoma kukafuna chingwe, linangogwira mphepo. Phazi linakodwa mu kapeti. Msongolo unagunda katebulo. Anagwa chafufumimba, botolo lija phwaa! Podzuka anatsamira dzanja pamagalasi osweka.

Chisamba anakuwa. Mayi analowa chothamanga. Anaona magazi, anaona kapeti, anaona khoma lopanda chingwe. Anang'amba nsalu n'kumanga chikhatho cha mwamuna wawo, kenaka anatembenuka.

"Iwe, ndinati chiyani?"

"Ndimafuna pakongole, amayi. Anzanga..."

"Anzako amagona muno? Amadzuka muno? Matenda anawachotsa maso bambo ako, iwo n'kudzipangira ena ndi chingwe. Lero wawakolowola ndi omwewo. Mpando uli kuti?"

Chisamba analoza kumsewu. Utsi unali tolotolo.

"Musiye mwana," anatero bambo ali chikhalire pansi. Anatembenuzira nkhope komwe kunkamveka kulira. "Pakongola, mwana wanga? Tandiuza, poti ine sindingaone."

Bola akanamumenya. Chisamba anawerama kuti apinde kapeti uja, koma mayi ake anapondapo.

"Ayi. Wakonzera alendo, alendowo abwere aone. Usachotse kanthu."

Lamlungu anzake anabwera. Anavula nsapato pakhomo, anasisita kapeti, anadziyang'ana pakatebulo kagalasi.

"Aa, Chisamba, unkatibisira chiyani? Kwanu n'kwa mabwana!" anatero wina wamtali, yemwe ankamutcha Nsungwi.

Chisamba anaseka mokakamiza. Anatsegula mabuku. Ali mkati mowerenga, chitseko cha kuchipinda chinalira pang'ono. Bambo ake anaima pamenepo, dzanja lomangidwa lili pachifuwa, phazi likufufuza pansi osayerekeza kuponda.

"Odi," anatero ndi mawu otsika. "Odi kuno. Pali amene angandidutsitseko? Ndikufuna kupita panja."

Nsungwi ananong'ona, "Kodi muli ndi alendo?"

"Ndi bambo anga," anatero Chisamba.

Anadzuka n'kuwagwira pamkono. Munthu yemwe dzana ankadutsa chipindachi akuimba mluzu anayenda chokwekwereza mapazi ngati akuwoloka paulalo wa mtengo umodzi. Anzake aja anasiya kuwerenga. Pasanapite nthawi anatola mabuku awo n'kutsanzika.

Chisamba sanadikire kuuzidwa. Anapinda kapeti, anasenza katebulo, anakabweza zonse kwa azakhali. Atabwerera anagwada n'kuyang'ana simenti. Miyendo ya tebulo inali itasiya zipsera pomwe inkakhala. Kakampando ka kapu nakonso kanali ndi pake. Kuchokera kuchipinda mpaka pazenera panali kanjira kosalala kopukutidwa ndi mapazi a bambo ake, komwe iye anali asanakaonepo chibadwire. Anabwezera chilichonse pachipsera chake. Anamasula chingwe choyanikira zovala n'kuchimanga pamisomali pomwe panali chingwe chakale chija.

Pazenera panatsala zipsera za mpando. Anaikapo mpando wapulasitiki.

"Bambo, ndabwezera zonse. Bwerani muone."

Anawagwiritsa chingwe. Iwo anachisisita ndi zala, anayenda pang'onopang'ono, n'kukakhala. Dzanja linafuna pomwe linkatsamira kale, pathabwa la mpando wakale uja lomwe linali litakumbika ndi chigongono chawo. Panalibe.

"Zikomo, mayi," anatero mwaulemu, ngati mlendo amene wapatsidwa pokhala.

M'mawa mwake Chisamba akuvala yunifolomu anamva chitseko cha kuchipinda chikutseguka. Anatchera khutu, kudikira mluzu uja. Chingwe chinali pomwepo, pafupi ndi dzanja lawo.

"Odi," anatero bambo ake.