Achemwali Analawa Mbale Yamwini

Achemwali anga anali ndi lesitilanti kwathu, ndipo matenda awo anali amodzi: sankatha kuona poto wa munthu osapisamo chala. Akalawa amakwinya mphuno. Mchere wachepa, mafuta ndi adzana, wophikayo akaphunzirenso. Ine ndi iwo takhala ngati mphaka ndi khoswe kuyambira tili ana, ndipo khoswe ndine. Ulendo wa kutauni yakale ya m'mphepete mwa nyanja yamchere ananditenga chifukwa alamu anakana, ndiye panafunika wonyamula chikwama.

Madzulo a tsiku lachiwiri tinapeza bambo wina wowonda, wachipewa choyera, amene amayendetsa alendo wapansi. Anatisonyeza linga lakale, mizinga yadzimbiri yoloza kunyanja, ndi zitseko zosema zolemera ngati za tchalitchi. Misewu yake ndi yopapatiza, ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Paliponse pofuka utsi tinkaima n'kulawa: nsomba zowotcha, nkhanu zatsabola, madzi a kokonati.

Paliponse achemwali ankasiyapo mdani. Mayi wina wowotcha nsomba anamuuza m'maso muli gwa kuti nsomba yake yagonera. Mayiyo analanda mbale m'manja mwawo n'kukhuthulira mphaka. Mbiri inatitsogolera. Tikamafika pamalo ena, anthu ankasiya kucheza n'kumatiyang'ana ndi diso lakumbali. Moni wathu sunkabwezedwa. Ine manyazi anandigwira mpaka njala inatha.

Mdima utayamba, tinafika pamphambano ya tinjira tiwiri. Wachipewa anakhotera kumanja. Achemwali anaima, mphuno m'mwamba. Kumanzere kunkachokera fungo la mpunga ndi nsomba, fungo loti ngakhale wokhuta amameza malovu.

"Uko ndiye kuli wodziwa kuphika. Tiyeni."

"Uko sitipita, mayi."

"Chifukwa?"

"Kulibe chogulitsa."

"Bodza! Mwatizungulitsa kwa azibale anu ophika zonyansa, kwabwinoko mukutibisira. Ndimawadziwa anthu ngati inu."

Bamboyo anavula chipewa, n'kuchivalanso. Nkhope yake inauma.

"Ine ntchito yanga yathera pano. Inu achemwali aang'ono, muwagwire dzanja akuluwa."

Sanadikire yankho. Anapita. Achemwali analowa kanjira kakumanzere, ine pambuyo ndi chikwama chawo, ndikutukwana chamumtima.

M'kanjiramo munalibe magetsi. Makoma anali onyowa, ndipo ndikawakhudza ankasiya mchere m'manja. Mawindo anali m'mwamba kwambiri, aang'ono, otchingidwa ndi zitsulo. Phokoso la tauni linatsalira kumbuyo ngati wina watseka chitseko. Kunali zii. Kutsogolo kokha ndinkamva madzi akumenya miyala.

Kumapeto kunali chinyumba chachitali, chitseko chake chopanda chogwirira kunja. Pakhomo panali mayi atakhala pansi, atafunda nsalu yakuda kumutu, akupakula mumphika. Moto sindinauone, koma mphikawo unkafuka nthunzi. Ankapakulira m'timbale tamtengo n'kumatindandalika m'mbali mwa khoma. Timbale tambirimbiri. Wodya panalibe.

"Odi, mayi. Tilawe," anatero achemwali.

Mayiyo sanadzutse mutu.

"Zili ndi eni ake."

"Eni ake ali kuti? Ine ndingolawa."

"Zili ndi eni ake."

Ndinawakoka achemwali mkono.

"Achemwali, tiyeni. Chonde."

"Iwe, ndisiye! Unayamba liti kundilamula?"

Anandikankha mpaka ndinagunda khoma. Kenako anawerama, monga amachitira m'khitchini ya munthu aliyense, n'kutola kambale kakumapeto. Anatapa ndi zala. Anatafuna. Ndinadikira kumva kuti mchere wachepa.

Anatapanso. Anagwada, n'kuyamba kudya ndi manja onse awiri, mofulumira, akuphimba kambaleko ndi chifuwa ngati pali wofuna kuwalanda. Achemwali anga, amene sadya opanda supuni.

Pamenepo mayi uja anadzutsa mutu. Anandiyang'ana ine. Maso ake analibe mkwiyo, anali otopa basi.

"Uyu wadya gawo la munthu. Akhale pamalo pake."

Kuseri kwa chitseko chija kunamveka kukhosomola. Wina. Kenako wina. Ndiyeno zitsulo zikukwekwereka pansi, pang'onopang'ono, ngati anthu ambiri akusendera kuti wina apeze pokhala.

Ndinawagwira achemwali m'chiuno n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Anali olemera ngati thumba la simenti. Ananditembenukira n'kundiluma padzanja. Ndinakuwa. Ndinathamanga kukaitana anthu.

Ndinagogoda zitseko za mumsewu waukulu mpaka zala zinatupa. Ena ankasuzumira pawindo n'kutseka. Mayi wansomba uja ndinamupeza akulongedza ziwiya.

"Si uja amadziwa kuphika kuposa tonse? Akadziphikire njira yotulukira."

Ndinamugwadira, ndikulira. Anasiya kulongedza.

"Usiku kulibe amene angalowe uko. Ukamufune kukacha, kumasitepe otsikira m'madzi."

Kutangoyera, ndinapita ndi asodzi awiri. Tinawapeza pasitepe yomaliza, madzi ali m'mawondo, opanda nsapato. Anaima chilili, manja atawaphatikiza kutsogolo ngati omangidwa, maso ali kunyanja. Msodzi wamkulu anawanyamula. Tikukwera, anandinong'oneza kuti m'chinyumba chija kale ankatsekeramo anthu ogwidwa ukapolo, podikira sitima yapamadzi yodzawatenga. Chakudya chomaliza ankawapatsira pakhomo paja.

"Ena sitima yawo sinabwere," anatero. "Akudikirabe."

Chitseko chija ndinachiona podutsa. Chinali chotsekedwa ndi njerwa zakale, zomera ndere.

Tinabwerera kwathu. Alamu mpaka lero sandilankhula, akuti ndinathawa m'bale wanga. Amayi akuti ndinkawachitira nsanje kuyambira kale. Koma onsewo atatopa, wosunga achemwaliwo ndi ine, khoswe yemwe uja. Lesitilanti inatsekedwa. Achemwali amadya chilichonse chimene ndawapatsa, ngakhale chopserera, atayang'ana kukhoma.

Kwathu kulibe nyanja, ngakhale mtsinje weniweni. Koma dzuwa likalowa amaima pakhomo, manja ataphatikiza, n'kundifunsa ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo tili ana.

"Yafika?"

Ndimayankha kuti sinafike, alowe agone. Amalowa. Ndimakhoma chitseko, kiyi n'kugona naye.

Dzulo anafunsanso, ine n'kuyankha momwemo. Sanalowe. Anapendeka mutu ngati akumvetsera chinthu chakutali. Kenako anandiyang'ana ndi nkhope yawo yakale ija, yonyoza, imene ndinali nditayamba kuisowa.

"Iwe ndiwe wabodza," anatero. "Ine ndayimva."