Galimoto Yosaimira Masamba

Pa Dedza Boma, m'zaka zimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anayamba kumanga timisasa m'mbali mwa msewu, panali makaniko wina dzina lake Gerevazio. Galaja yake inali tsinde la bulugamu. Dzenje lokonzera galimoto linali ngalande ya madzi a mvula, ndipo zida zake zonse zinkakwana m'chitini cha mkaka. Masipanala anali nawo atatu, koma imodzi inali itayasamula kalekale moti sinkagwiranso bauti iliyonse.

Tsidya la msewu kunali galaja ya a Ackim, yamalata, ya dzenje la simenti. Malole a matabwa ochokera ku Phiri la Dedza ndi mapikiapu a mbatata ochokera ku Kaphuka ankakhotera kumeneko, Gerevazio n'kumangowaperekeza ndi maso. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti a Ackim anaphunzira kugwira sipanala kwa iyeyo.

Madzulo mkazi wake Jesinta ankamufunsa, "Mwakonza zingati lero, abambo?"

"Wilibala imodzi."

"Ya yani?"

"Yathu yomwe ija."

Kuseri kwa bulugamuyo kunagona galimoto yofiira, yaifupi ngati kamba, ya mipando iwiri yokha. Mwini wake anali mzungu wa zankhalango amene analankhula zosayenera za chipani atakhuta mowa, n'kuuzidwa kuti dzuwa la mawa likamulowere kwawo. Anaisiya kuti ikonzedwe, osabweranso. Nkhuku zinkaikiramo mazira. M'buti mwake munali bokosi la matabo awiri atsopano. Tabo ndi chitsulo chooneka ngati nkhono yaikulu. Utsi wa injini umazunguza kafani m'kati mwake, kafaniko n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini, galimoto n'kumathamanga ngati yaona mzukwa. Buku lake linali m'chilankhulo chimene ngakhale abambo mfumu a ku parishi anangolitembenuza kawiri n'kulibweza. Gerevazio anayesa kumanga matabowo pa injini miyezi isanu. Mapaipi sankakumana, ndipo oyilo ankamulavulira kumaso.

Tsiku lina anamanga matabo aja m'thumba, n'kuwoloka malire wapansi kupita kwa mkulu wina wosula zitsulo, a Dominiko. Anthu ankati mkuluyo amasula makasu, koma opita kumeneko sankabwerako ndi khasu.

Anafika dzuwa lili paliwombo. A Dominiko anakhala pamwala, manja onse ali pamawondo. Pambali pawo mivukuto iwiri ya zikopa za mbuzi inkafufuma ndi kuphwa yokha, kupemerera moto wa pachipala, popanda woigwira.

"Mwabwera ndi mapasa," anatero mkuluyo thumba lisanamasulidwe.

"Ndimati mundipindire mapaipi, bambo."

"Mapaipi amapinda ndi a Ackim omwe. Nenani chimene mwadzera."

Gerevazio anaika thumba lija pansi. "Ndatopa kuonerera anzanga akudya."

A Dominiko anatulutsa matabo aja, n'kuwasisita ngati ana. "Iyi ndi mivukuto ngati yangayi. Mvukuto ulibe mpweya wakewake, umapuma wa ena. Galimoto iliyonse imene mudzaipitirire pamsewu, mapasawa adzaiyamwa mpweya. Idzafa, ndipo sidzadzukanso pena paliponse koma m'manja mwanu."

"Nanga chizimba chake? Ndinenetu, ine munthu sindipha."

"Wakupemphani magazi ndani? Magazi amadetsa zovala. Ine ndikungofuna phazi lanu lakumanja."

Gerevazio anabweza phazilo m'mbuyo.

"Likhale pamwendo pomwepo," anaseka mkuluyo. "Koma mukapeza masamba pamsewu, lisachoke pamoto wa galimoto. Pasiwa musapondepo, kumanda musapiteko. Ndipo mpando winawo musakwezepo munthu. Uli ndi mwini wake."

"Ndani?"

"Tsiku limene mudzaime pamasamba mudzamudziwa. Amene wagona m'nyumba ya maliroyo adzabwera kudzakwera, ndipo wotero satsika."

Tsono kwathu kuno maliro akagwa pamudzi, amayala masamba pamsewu, uku ndi uku. Wapanjinga amatsika n'kukankha, wovala chipewa amavula, dalaivala amazimitsa wailesi n'kuyenda ngati ngolo. Ngakhale chidakwa chimasiya nyimbo. Gerevazio zonsezi ankazidziwa bwino, koma anangoti, "Zomwezo basi? Maliro amangondichedwetsa ntchito."

"Onse amatero poyamba," anatero a Dominiko. Anamusulira mapaipi awiri, n'kumupatsa mwaye wa pachipala m'kachigoba ka nkhono kuti akapake m'magasiketi.

Ntchito imene inakanika miyezi isanu inatha masiku atatu. Gerevazio anamasula ekizozi yakale, n'kukhazika tabo imodzi kumanzere kwa injini, ina kumanja. Mapaipi a mkulu uja analowa okha ngati njoka kuuna. Anakokera kapaipi ka oyilo ku tabo iliyonse kuti kafani kasapse, anadula magasiketi pa buku lija, popeza ntchito ina linalibe, n'kuwapaka mwaye. Boneti inakana kutsekeka, iye anaiboola pamwamba ndi chizulo. Atapotokola kiyi, mapasa aja analira mluzu, wina mokweza, wina motsitsa. Nkhuku za pa Boma zinasiya kuikira mlungu wathunthu.

Za liwiro lake, wosaona angati ndi bodza. Ankati akanyamuka pa Dedza kupita ku Lilongwe, chithunzithunzi chake chinkatsala pa Linthipe, n'kumufika mawa lake chitatopa. Wapolisi wina anamuthamangitsa pa njinga yamoto, koma Gerevazio anamuzungulira n'kumupitirira, njingayo n'kufera pomwepo.

Ndipo zinachitikadi. Lole iliyonse imene anaipitirira inkatsokomola kawiri n'kuzima. Ankaikokera kwa a Ackim, iwo n'kumasula injini yonse, osapeza vuto. Akaifikitsa kwa Gerevazio, iye ankangotsegula boneti, kuuzira mu kabuleta, lole n'kudzuka. Chaka chisanathe bulugamu uja anadulidwa, pamalo pake panaima galaja ya maenje anayi ndi nyumba ya mpanda wa njerwa. Jesinta analeka kugulitsa kabichi.

Masamba oyamba anawapeza ku Chimbiya, maliro a anthu osawadziwa. Anaponda moto, masamba n'kuuluka ngati mbalame, amayi onyamula nkhuni za pasiwa n'kugwera m'ngalande. Usiku umenewo anagona bwinobwino.

Kenako anamwalira a Ackim, amene galaja yawo inali itasanduka khola la mbuzi. Masamba anayalidwa pakhomo penipeni pa Gerevazio. Iye anatuluka pageti ndi liwiro, nyimbo ya maliro ili m'kati, ndipo sanabwere mpaka manda atakwiriridwa.

Malume ake a Yeremiya anabwera wapansi kuchokera ku Kaphuka.

"Iwe Gere, ndamva kuti unagula makina atsopano."

"Ati, malume?"

"Odzikumbira wekha manda, kulowamo, n'kudzikwirira. Ungandibwerekeko? Ine ndakalamba, kuyenda m'maliro kwanditopetsa."

"Ntchito yachuluka, malume. Koma chipepeso ndimatumiza."

"Chipepeso chako amachibweza chili chomata, sukudziwa? Maliro n'kulirana, mphwanga. Anthu amafuna nkhope, osati envulopu."

Tsiku lina mvula ya matalala inapeza Jesinta panjira akuchokera ku mapemphero a mphakati. Anamva mluzu uja, anaima n'kukweza dzanja. Mwamuna wake anamudutsa, mpando uli wopanda munthu, n'kumuthira matope mpaka m'khosi.

"Pampando paja mumasungira yani?" anafunsa atafika kunyumba.

"Sipiringi yake ndi yothyoka, mungapweteke."

"Zaka ziwiri, makaniko wamkulu wa Dedza yense, sipiringi imodzi?" Jesinta anamanga zovala zake m'chitenje. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wa m'mudzi. Uyu wa mu msewuyu sindikumudziwa."

Kuyambira pamenepo nyumba ija inakula. Gerevazio ankadya yekha pa tebulo la mipando eyiti. Madalaivala ankabwerabe, poti analibe kwina, koma ankangoponya makiyi pa benchi osapereka moni. Kutchalitchi benchi imene iye wakhala inkakhala yake yekha. Atasiya kupitako, palibe anabwera kudzafunsa. Lamulungu masana ankatsuka galimoto yake n'kumaiuza nkhani za tsikulo. Apa m'pamene anazindikira kuti fumbi la Dedza, limene limalowa ngakhale m'botolo lotseka, pampando uja silinkaterapo.

M'mawa wina wa mu Julaye, nkhungu itaphimba mapiri, Gerevazio anapeza pikiapu yakale ikukwera chitunda kulowera ku Boma. Kumbuyo kwake kunali anthu atafunda zitenje. Wina anatulutsa dzanja kumubayibitsa. Iye sanayang'ane n'komwe. Anaipitirira, mapasa n'kuimba mluzu wawo.

Masana pikiapu ija inafika pagalaja ikukokedwa ndi ng'ombe. Pambali pake pankayenda a Yeremiya, chipewa chili m'manja.

"Munali mayi ako m'menemu," anatero. "Chibayo. Timathamangira nawo kuchipatala. Galimoto yangozima pachitunda iwe utangodutsa. Tadikira pamphepo mpaka dzuwa kukwera, ndipo atisiya pomwepo, m'mbali mwa msewu."

Gerevazio anagwira khoma.

"Anakuona. Anati, 'Uyo ndi Gere wanga, aima.' Mwambo ndi mawa. Sindinabwere kudzakuitana, ndangobwera kuti usadzati sunamve."

Mawa lake anadziuza kuti angokadutsa, aone denga la kwawo ali patali. Anafika ku Kaphuka, anaona masamba, anaponda moto n'kudutsa. Anakatembenukira kutsogolo, n'kudutsanso. Kachitatu anthu anali atatuluka m'bwalo, akungomuyang'ana, ndipo panalibe womutukwana. Kachinayi bokosi linali likutuluka m'nyumba imene iye anabadwiramo, amayi a mphakati akuimba nyimbo imene mayi ake ankaimba posenda mbatata. Phazi lija linachoka pamoto, n'kupita pa buleki. Galimoto inaima pakati pa masamba.

Onyamula bokosi amati nthawi yomweyo linapepuka ngati lichero.

Chitseko cha mbali inayo chinatseguka, n'kudzitseka pang'onopang'ono. Mpando unatitimira pansi. M'galimoto munamveka fungo la utsi wa nkhuni za paini ndi mafuta opaka pachifuwa.

"Wachedwa, mwana wanga," anatero mawu a mayi ake, opanda mkwiyo. "Tiye, unditengere kuchipatala. Chifuwa chikundithina."

Gerevazio analiza galimoto. Sanathamangepo chotero chibadwire. Atafika pageti la chipatala anati, "Tafika, amayi. Tsikani."

"Sitinafike. Tikadali pachitunda. Tiye."

Anabwerera ku Kaphuka, n'kuyambiranso. Atafika pachipatala, mawu anali omwewo. Anayenda chotero masiku asanu ndi anayi, Kaphuka, Boma, Kaphuka, Boma. Petulo anatha tsiku loyamba lomwe, koma galimoto sinaime. Anthu ankamuona akudutsa, ndevu zitamera, akulankhula mwaulemu ndi mpando wopanda munthu. Madalaivala nawo anali atazindikira. Akangomva mluzu patali ankakhotera m'minda ya mbatata n'kuzimitsa injini, moti mumsewu munalibenso galimoto yoti aipitirire. Mapasa aja anamva njala, ndipo mpweya umene unali pafupi unali wa Gerevazio.

Anamupeza ocheka matabwa, pa kamsewu ka m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza. Injini inali itasungunuka kukhala chibuma chimodzi. Iye anali pa chiwongolero, atafota ngati chikopa cha mbuzi choyanika padzuwa. Munthu mmodzi anamunyamula ndi dzanja limodzi.

A Yeremiya anayenda khomo ndi khomo ku Kaphuka kupempha adzukulu kuti akumbe manda. Aliyense anali ndi chifukwa. Wina khasu linaguluka, wina msana, wina anati ntchito yachuluka koma atumiza chipepeso. Mtembo unakhala kuchipatala milungu iwiri. Pomaliza anakamuika akaidi anayi ndi msilikali wa ndende mmodzi, amene ankangoyang'ana wotchi. Panalibe nyimbo, ndipo malole ankadutsa ndi liwiro lawo la masiku onse.

Abale anga, dyera ndi galimoto ya mpando umodzi. Chuma chimene chimafuna kuti upitirire anzako onse chimakakusiya kutsogolo uli wekha, kopanda wokupatsa moni, kopanda wokukumbira dzenje. Kuthamanga si kufika. Bola kukankha wilibala uli pakati pa anthu, kusiyana n'kuuluka pa zizimba ulibe wokulira.