Kavuluvulu wa Ulusi Wofiira

Nkhani iyi si yongomva m'basi ayi. Inachitika pa mdadada wa nyumba zalendi umene ndimakhala, khomo loyandikana ndi langa, ndipo amene anaona alipo mpaka lero: alandilodi athu, mwamuna wa m'nyumbamo amene amawotcherera zitsulo, ndi ine amene ndinafika kumapeto mwana ali kumsana. Zina anandiuza yekha mwiniwake tikuyanika matewera, ndipo ndikulemba monga anandiuzira.

Tonse pano timamutcha Mayi Aang'ono, chifukwa ndi mmene amamuitanira mwana amene akulera. Mwanayo ndi wa mkulu wake. Mkulu wakeyo, amene kuyambira ali wamng'ono ankamutcha Manzere poti chilichonse ankagwira ndi dzanja lamanzere, anadwala nthawi yaitali n'kumwalira m'chipatala Khirisimasi itayandikira. Anasiya kamtsikana ka zaka zinayi, kowonda, ka maso aakulu. Timakati Kadontho.

M'chikwama chimene chinabwera kuchokera kuchipatala munali zovala, sopo wotsala theka, botolo la mafuta odzola a kamfa, ndi ntchito yosamaliza. Manzere anali katswiri woluka ndi singano ija ya kambedza kunsonga. Chaka chilichonse ankaluka zokongoletsa zopachika pakhonde. Ankayamba ndi tcheni chachitali cha ulusi, kenako pabowo lililonse n'kukoweramo kangapo, mpaka chinthucho chinkayamba kupotana chokha ngati sipuling'i ya bedi. Kumunsi ankamangako kabelu. Ukachipachika, kamphepo kakangoti pang'ono, chinkazungulira, kabelu n'kumalira. Iye ankachitcha kavuluvulu. Uyu wa m'chikwama anali wofiira, ndipo anamuyamba ali pabedi la kuchipatala, atalonjeza mwana wake kuti pa Khirisimasi adzakhala atapachikidwa. Kabelu anali atamangirira kale kumunsi, koma kuluka analekezera pakati. Singano inali ikadali yobaya pomwe dzanja linathera mphamvu.

Kadontho sankadya bwino, ndipo sankalankhula kwenikweni. Funso lake linali limodzi.

"Amayi amaliza liti kavuluvulu wanga?"

"Ndimaliza ndine," anatero Mayi Aang'ono. "Udzamuona akuzungulira pakhonde apo. Ndanena."

Kuluka ankakudziwa, ndipo anamuphunzitsa ndi Manzere yemweyo. Popeza wina anali wamanzere wina wamanja, sankakhala moyandikana. Ankakhala moyang'anizana, mawondo kugundana. "Usamandione ngati mphunzitsi, iwe mutu ngati mwala," ankatero mkulu wakeyo akuseka. "Uzindiona ngati galasi." Ndiye madzulo ena atatsuka mbale, Mayi Aang'ono anatenga ntchito ija, anangoitembenuza kuti igwirizane ndi dzanja lake lamanja, n'kupitiriza pomwe inalekezera. Analuka chigawo chabwino ndithu. Anaisiya patebulo n'kukagona.

M'mawa anapeza zonse zimene analuka zamasulidwa. Ulusi sunali mbwee pansi ngati zimene angachite mwana kapena mphaka. Unali utakulungidwa bwinobwino pa mpira wake, singano itabayidwa pomwe paja Manzere analekezera.

"Makoswe a pano ndi ophunzira," anatero mwamuna wake akumanga nsapato. "Mawa muwasiyire malaya anga aja, andisokere batani."

"Musaseke, bambo. Si inu?"

"Ine ndi manja awawa? Ulusi ungapse."

Anaganizira mwana, ngakhale mumtima ankadziwa kuti kamwana kotero sikangakulunge ulusi chonchija. Tsiku limenelo analukanso, n'kuika ntchitoyo pamwamba pa kabati, pamene ngakhale iye amafika atakwera mpando. Kutacha, chimodzimodzi. Analukanso. Anaitsekera m'sutikesi, kiyi n'kuika pansi pa pilo. Potsegula m'mawa, chinayamba kutuluka ndi fungo. Kamfa. Botolo lija anali atapatsa kale alandilodi, koma fungo linali lamphamvu ngati munthu wangodzola kumene n'kudutsa.

Galu wa alandilodi, amene ankakonda kugona pakhomo pawo podikira makombo, anasiya kufikapo. Ankalambalala patali, mchira uli pakati pa miyendo.

"Mwanawe, zinthu za omwalira sazikakamira," anatero alandilodi. "Kagulire mwanayo chibaluni, aiwala."

"Ndinamulonjeza, amayi. Amake anamulonjeza, n'kulephera. Ndikalepheranso ine, adzakhulupirira ndani?"

Ndipo anapitiriza. Iye kuluka, winayo kumasula. Maso ake analowa m'kati, koma madzulo aliwonse tinkamuona pampando wake, mutu uli pansi, singano ikuyenda.

Zinafika poipa tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi. Kunali masana, dzuwa lili paliwombo, kotentha kopanda ngakhale kamphepo. Zovala pachingwe zinangoti zii ngati zojambula. Mayi Aang'ono anali kuseri akutsuka mapoto, mwana atamusiya m'nyumba akugona pamkeka, chitseko atakoka.

Anamva kabelu.

Kanalira kamodzi. Kenako kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati wina akukayesa.

Analowa manja ali thovu lokhalokha. Pamkeka panalibe munthu. Chitseko cha kumaso chinali pululu. Kavuluvulu anali patebulo, koma mpira wa ulusi panalibe. Ulusi wokha unatsika patebulo, n'kudutsa pansi, n'kutuluka pakhomo. Unali wokokeka ngati waya.

Anautsatira akuthamanga. Unadutsa pakhonde, unakhota pa mpopi wa madzi, unatuluka pageti. Kutsogolo uko, Kadontho ankayenda osathamanga, osacheuka, ulusi ukutsetsereka m'kadzanja kake. Patsogolo pakepo mpira wofiira unkagubuduka. Kanjira kathu n'kokwera kupita kumsewu waukulu. Mpirawo unkakwera. Alandilodi anali pageti ndi tsache m'manja, ndipo mpaka lero amalumbira kuti anauona ukudumpha ngalande.

Kumsewu kunkabwera lole ya mchenga.

Mayi Aang'ono anamugwira mwanayo pa kolala ya diresi phazi limodzi litaponda kale phula. Lole inadutsa ndi hutala yake, fumbi n'kuwakwirira. Fumbi litatsika, mpira uja sunaonekenso. Ulusi unangowoloka msewu n'kulowa m'udzu wa kutsidya.

Mwanayo sanalire. Anayang'ana mayi ake aang'ono ndi maso aja.

"Amayi akuti tizipita," anatero motsitsa. "Akuti inu mukuwononga."

Apa m'pamene ine ndinafika, nditamva hutala ndi kukuwa kwa alandilodi. Wina anathamangira kukaitana mwamuna wa Mayi Aang'ono ku shedi yake yowotcherera. Tonse tinalowa m'nyumba. Mayi Aang'ono anatseka chitseko, anakhoma, kiyi n'kuponya m'bulauzi. Ulusi unkadutsabe pansi pa chitseko, wokokeka. Ukaukhudza unkanjenjemera.

Mwamuna wake anatenga sizasi. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Tidule, tiwotche. Basi."

"Musakhudze."

"Mayi, mwana akanafa."

"Ndikudziwa. Ndinalipo." Anaima pakati pa sizasi ndi tebulo. "Asisi sanasiyepo ntchito pakati chibadwire. Mukadula uwu, abwera ndi china chimene sitidzachiona. Lero taona ulusi. Mawa tidzatsatira chiyani?"

Ananyamula kavuluvulu uja n'kumulendeweretsa m'mwamba, kumuyang'anitsitsa koyamba ngati woluka, osati ngati wolira maliro. Ndipo anaona. Chigawo cha Manzere chinkapotana kupita kumanzere. Chigawo chake, chimene analuka m'mawa wa tsikulo, chinkapotana kupita kumanja. Pokumana pake panali potupa, popindika moipa. Chinthu chotero ngakhale utachipachika pa mphepo yamkuntho sichingazungulire. Mbali ina ikamapita uku, inzake ikubweza.

"Ndi zoona," anatero. "Ndimawononga."

Anamasula yekha zonse zimene analuka. Anatenga nsalu, anabereka Kadontho kumsana ngati khanda, n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa. Anakoka mpando wina n'kuuika moyang'anizana ndi wake, pafupi, mpaka mawondo ake kugunda thabwa. Anakhala. Singano anaisamutsira ku dzanja lamanzere.

"Asisi," anatero kwa mpando wopanda munthuwo, "munati ndizikuonani ngati galasi. Khalani apo. Tithane."

Panja galu anayamba kulira chapansipansi.

Kenako mpando uja unalira. Kwee. Monga umalirira munthu akakhalapo.

Fungo la kamfa linadzaza chipinda. Mwana wanga kumsana anabisa nkhope. Alandilodi anayamba kupemphera milomo yokha, mawu osatuluka. Ine ndinkafuna kuthawa, koma kiyi anali m'bulauzi ya Mayi Aang'ono.

Aliyense amene anayesapo kulemba dzina lake ndi dzanja losazolowera akudziwa. Singano inkaterereka. Kambedza kankakowa mphepo. Kanamubaya pachala mpaka magazi. Atakowa molakwika, ulusi wa pansi pa chitseko unakoka mwamphamvu, ntchito n'kutsala pang'ono kumupulumuka. Anaigwira ndi mano. Anamasula. Anayambanso.

Atakowa molondola, ulusi unafewa. Unalowa pang'ono pansi pa chitseko, wongokwanira bowo limodzi.

Anakowanso. Unalowanso.

Sankayang'ana manja ake. Ankayang'ana patsogolo, pamwamba pang'ono pa mpando uja, pamene pakanakhala manja a munthu. Mutu wake unkagwedera ngati akutsatira chinachake. Nthawi ina anati, "Pang'onopang'ono, asisi, mukufulumira." Nthawi ina anaseka kaseko kouma. "Ee, ndamva. Mutu ngati mwala."

Kadontho anatulutsa mutu paphewa. Nayenso ankayang'ana pomwepo.

Dzuwa linapendeka. Kuwala kwa pazenera kunachoka patebulo, kunakwera khoma, kunafiira. Palibe anayatsa getsi. Palibe anakhosomola. Tinkangomva mpweya wa Mayi Aang'ono, ndi kabelu kakugunda bondo lake. Ngili. Ngili. Dzanja lamanzere linatupa, zala zinauma. Mwamuna wake anati apumuleko. Iye anangopitiriza kukowa. Kavuluvulu ankatalika, kupotana mbali imodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, moti sukanaloza pomwe wina analekezera ndi pomwe wina anayambira.

Pa bowo lomaliza, nsonga ya ulusi inalowa pansi pa chitseko. Inakwawa pasimenti mpaka pamapazi ake. Ulusi unakwanira ndendende, osatsala, osaperewera. Nsongayo inali yonyowa, yozizira, ili ndi dothi. Kunja mvula inali isanagwe sabata yonseyo.

Anaikokera m'bowo, anamanga mfundo, n'kuimangitsa ndi mano. Kenako anaimirira, mwana ali kumsana, n'kuika kavuluvulu pampando uja.

"Ntchito yanu ndi iyi, asisi. Yatha. Lonjezo lanu lakwana." Anamangitsa nsalu pachifuwa. "Koma mwana atsala. Mukumva? Uyu atsala ndi ine. Adya, aphunzira, akula. Inu pitani mukapume."

Tonse tinayang'ana mpando uja.

Kabelu kanalira kamodzi, popanda woukhudza mpandowo.

Mpando unaliranso. Kwee. Monga umalirira munthu akanyamuka.

Fungo linayamba kuchepa. Ndiye kumsana kuja kunamveka kamawu.

"Mayi aang'ono, ndili ndi njala."

Mwamuna uja, munthu wamkulu wogwira moto ndi zitsulo tsiku lililonse, anakhala pansi n'kulira.

Kavuluvuluyo anamupachika pakhonde m'mawa wa Khirisimasi, ndipo alipobe, ngakhale zokongoletsa za anthu ena tinatsitsa kalekale. Kadontho akudya, masaya abwerera, ndipo amalongolola mpaka kutopetsa. Koma pali zimene ine, woyandikana nawo, ndimaona. Kukabwera chimphepo, zovala n'kumagwa pachingwe, malata n'kumalira, kavuluvulu uja sagwedezeka n'komwe. Amangolendewera ngati wachitsulo. Koma masana opanda mphepo, mwana uja akangodutsa pansi pake, amazungulira kamodzi, kupita kumanzere, kabelu n'kulira. Wanga ndinamuletsa kusewera pakhonde limenelo.

Alandilodi anapempha Mayi Aang'ono kuti amutsitse. Anakana. Akuti bola chinthu chimene ukuchiona.

M'mawa uliwonse, asanasese, asanayatse mbaula, Mayi Aang'ono amakwera pampando n'kugwira mfundo yomaliza ija. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa chimene amayang'ana.

"Palibe, anzanga," anatero osandicheukira. "Imangokhala yakhwefuka pang'ono."

Ndipo anaikoka ndi mano, n'kuimangitsanso.