Nafisa ndi Kansonga ka Singano

Nafisa ankakhala ku Liwonde. Idi, chikondwerero cha Asilamu, inali mawa lake. Nafisa ankafuna kudya mpunga. Anali atadikira mwezi wathunthu.

Mpunga unalipo lichero limodzi lokha. Amayi anauyala pamkeka. Kenaka anakhala pambali. Anayamba kusoka diresi la Nafisa. Diresilo linali litafupika. Masiku amenewo lamulo linkaletsa diresi loonetsa mawondo.

Thyo! Singano inathyoka. Kansonga kake kanadumphira mumpunga.

Amayi anafufuza. Sanakapeze. Nafisa anafufuza. Sanakapeze. Amalume ake, Che Hassani, anafufuzanso. Sanakapeze.

"Mpungawu tikautaye kudzenje," anatero amalume. "Munthu akameza kachitsuloko, tidzalira."

Amayi anayang'ana mpungawo. Mtima unawapweteka.

"Iyayi," anatero Nafisa. "Sititaya."

"Iwe, ukuyankha ine?"

"Pepani amalume. Koma sititaya."

Nafisatu anali wamakani. Akati iyayi, ndiye kuti iyayi.

Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi wayilesi yakale. Bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Joni. Tsopano inali yakufa. Nafisa anaitsegula ndi mpeni. Anachotsamo chitsulo chakuda chozungulira.

"Awa ndi maginito," anatero. "Aphunzitsi anationetsa kusukulu."

Amalume anaseka. "Wayilesi yakufa ikaone chimene maso anga alephera?"

Nafisa sanaseke. Anaika msomali pansi. Anaika mwala. Anaikanso kambewu ka mpunga. Anayendetsa maginito pamwamba pake. Mwala sunasunthe. Mpunga sunasunthe. Koma msomali unadumpha. Unamatirira kumaginito.

"Sunaukhudze n'komwe," anatero amayi.

"Maginito amakoka chitsulo asanachikhudze," anatero Nafisa. "Mwala sakoka. Mpunga sakoka."

Nafisa anagwada pamkeka. Anayendetsa maginito m'mwamba. Palibe chinadumpha. Anayendetsanso. Palibe chinadumpha.

"Basi, watopa," anatero amalume. Anagwira nsonga ya mkeka kuti aupinde.

Nafisa anaponda mkekawo ndi bondo. Misozi inalengeza m'maso. Ankaopa, koma sanachoke.

"Sindinatope. Ndatalikitsa. Patali amakoka pang'ono. Pafupi amakoka kwambiri."

Anamwaza mpunga ndi dzanja. Anatsitsa maginito pafupi. Anayamba kuno. Anapita uko. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono.

Ta!

Kanthu kakang'ono kanadumpha. Kanali konyezimira. Nafisa anakapereka kwa amayi. Amayi anakalumikiza ndi singano yothyoka ija. Zinakwanirana bwinobwino.

Amalume anasiya mkeka. Anakanda m'mutu.

Mawa lake inali Idi. Amayi anabwereka singano ina. Diresi linafika m'munsi mwa mawondo. Mpunga unanunkhira bwalo lonse. Nafisa anadya. Amayi anadya. Amalume anadya, nawonjezera kawiri.

"Nafisa," anatero amalume motsitsa mawu. "Mbedza zanga zinagwera mumchenga ku Shire. Undibwereke kachitsulo kako kaja."

"Kali ndi dzina, amalume."

Amalume anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kumbali, akumwetulira.

"Maginito," anatero amalume, mpunga uli m'kamwa.

"Chabwino," anatero Nafisa. "Koma wogwira ndine."