Mkonono wa Mfumukazi

Lachiwiri 10 koloko m'mawa, wometa agalu anabweza kagalu kwa mayi achikulire osaona, katasambitsidwa bwino. Atangokaika pamiyendo, nkhope yawo inasintha.

"Uyu si Mfumukazi."

"Ndi yemweyo, amayi," anatero mwana wawo wamkazi. "Ubweya woyera, mphuno yophwatalala. Ndikumuona ine."

"Iwe ukuona, ine ndikugwira. Zaka zinayi ndakhala ndikumupukuta makwinya a kumaso kwake. Kachipsera ka kuseri kwa khutu kapita kuti?"

Mfumukazi anali wa mtundu wa tiagalu tija ankatiwetera kukhala pamiyendo pa mafumu kalekale. Kagalu kamatama, kokonda munthu mmodzi, kobanika msanga kukatentha. Anawasiyira ndi malemu amuna awo. Ndiye wina n'kuganiza kuti munthu akapanda kuona ndiye kuti n'chitsiru. Zonyansa zedi.

Kupolisi sajeni anayamba waseka. "Galu ndi galu, mayi."

"Bambo, atakusinthirani akazi anu mungati mkazi ndi mkazi?"

Phwete linathera pomwepo.

2 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo, onse atatu anafika kushopu ya wometa uja. Makina owumitsira ubweya anali kulira. Mwini wake anatsegula makabati onse yekha.

"Fufuzani, bwana. Mayiwa mutu sukuyenda bwino."

Sanapeze kanthu. Sajeni akuti azituluka, mayiwo anakweza dzanja.

"Zimitsani makinawo. Nonse khalani chete."

Kunati zii. Kenaka kunamveka kamkonono kobanika, kochokera m'dengu la matawulo akuda. Sajeni anafukula. Mfumukazi anali pansi penipeni, lilime panja, maso atatong'oka.

Mayiwo anapapasa kuseri kwa khutu, chipsera n'kuchipeza. Anatembenukira kwa wometayo mwaukali.

"Galu wa mphuno yotereyi n'kumufundika nsalu kutentha konseku? Ndiwe wometa agalu iwe, kapena wakupha?"

"Pali munthu amafuna wamkazi woti aziswa," anatero wometayo chapansipansi. "Ndimati simuzindikira."

"Manja kumbuyo," anatero sajeni. Unyolo unalira.

Mayiwo anamuthira Mfumukazi madzi kumapazi mpaka anayamba kupuma bwino. Mwana wawo uja anagwada pambali pawo, misozi ili mbwembwembwe.

"Pepani, amayi."

Iwo sanatembenuke.

"Wakubayu sandidziwa, n'chifukwa chake anandiyesa chitsiru. Nanga iwe amene ndinakubala?"