Chomwe Chimaima Pakhomo la Chipinda cha Evelina

Chinayamba kusowa ndi kachipewa ka mwana. Evelina anakachapa n'kukayanika m'nyumba momwemo, pachingwe cha kuchipinda, koma kutacha sikanaoneke.

Munali mu June 1995, ku Ndirande kukuzizira koopsa. Tithokoze anali ndi masabata atatu. Amayi ake a Evelina anali atabwera kuchokera ku Nsanje kudzathandiza, ndipo amagona kuchipinda ndi mwana wawo ndi khandalo. Gabriel, mwamuna wa Evelina, amayala pabalaza. Amalawirira kufakitale ku Makata, n'kubwera madzulo osalankhula zambiri.

Usiku wotsatira Evelina anadzidzimuka agalu a kumtunda atasiya kuuwa. Mumdimamo anamva mapazi opanda nsapato akukhwekhwereza pasimenti, pang'onopang'ono, mpaka anaima kuseri kwa katani ya pakhomo. Kenako kupuma. Kupuma kolemera, kodukizaduka, ngati kwa munthu wotsamwa.

"Amayi," ananong'ona, "mukumva?"

"Khala chete. Gwira mwana."

M'mawa kunasowa sokosi imodzi. Patapita masiku awiri, shawelo. Evelina atafunsa Gabriel, iye anangoti amagona ngati wakufa.

Pampopi nkhani inafala. Azimayi amati ndi Mai Magdalena a nyumba yoyandikana, amene anakhala pabanja zaka khumi opanda mwana. Ena amati anawaona akusuzumira pawindo. Anthu anasiya kuwapatsa moni, ndipo anyamata ena anayamba kukamba zowagenda. Amayi ake a Evelina anawaza madzi odalitsa pakhomo, koma kupuma kuja kunabwerabe.

Usiku wachisanu ndi chimodzi Evelina sanagone. Katani inagwedezeka. Dzanja linalowa, linapapasa pachingwe, n'kuchotsa kamalaya. Chitseko chakumaso chinalira. Evelina anayatsa nyali n'kutsatira.

Kuseri kwa bafa kunali munthu atanjuta, nkhope ataikwirira m'kamalaya kaja, mapewa akugwedezeka. Pambali pake panali chikwama cha kuntchito, shawelo ikuonekera.

"Bambo a Titho?"

Gabriel sanadzutse mutu.

"Ndinu? Masiku onsewa, anthu akufuna kugenda Mai Magdalena, muli chete?"

"Ndimaopa kunena," anatero ndi mawu osasa. "Mwamuna angauze ndani kuti akuchitira nsanje mwana wake yemwe? Chibadwire iyeyu sunandiyang'anepo, Evelina. Ndikalowa, amayi amati ndituluke, ndili ndi fumbi. Ndimakumvani mukuseka atatu kuchipinda, ine ndili pabalaza ngati mlendo. Tulo sindikutipeza. Kuntchito dzulo makina anatsala pang'ono kundidula zala."

"Nanga zovala zakezi?"

"Poyamba ndimafuna uvutike, undifunse kanthu. Kenako ndinanunkhiza." Anapukuta mphuno. "Sindinamunyamulepo. Ndikamuyang'ana ndimaona ndikumugwetsa, mutu wake ukugunda pansi. Maganizo amenewa sakundichoka. Kapena ndikupenga."

Mumtima mwa Evelina mkwiyo ndi chisoni zinalimbana. Kenako analowa m'nyumba. Anamveka akunong'onezana ndi amayi ake, ndipo anatuluka atafukata Tithokoze m'bulangete.

"Mawa mupita kwa Mai Magdalena, mukanene nokha pamaso pa anthu. Mukachoka kumeneko tipitire limodzi kuchipatala, mukawauze zomwe mwandiuzazi. Tsopano tambasulani manja."

Gabriel anabwerera m'mbuyo. "Ndikamugwetsa?"

"Khalani pansi," anatero Evelina. "Muli pansi kale, agwera kuti?"