Nsalu Yakuda pa Nkhope ya Amayi

Aysel anaima pamphambano, chikwama cha sukulu chili kumsana, mtima ukuwira. Pachithunzi chachikulu cha amayi ake, a Nermin, wina anali atakoloweka nsalu yakuda yolengeza maliro. Nkhope yonse inabisika, chinkaoneka ndi chibwano basi.

Linali tsiku lomaliza la kampeni. A Nermin ankalimbirana ndi a Karwan mpando wa kunyumba ya malamulo ku Baghdad. Dera lawo, kunja kwa Kirkuk, linali la mitundu yosakanikirana ngati nyemba za pamsika: Aturukumeni, Akurdi, Aarabu, onse mumsewu umodzi. Mpikisano unali wa mtima bii, ndipo aliyense ankati msonkhano wa a Nermin masana amenewo ndiwo ugamule. Mipando inali itabwerekedwa kale.

Aysel anawerenga nsaluyo. Omwalira anali a Gulizar, amayi awo a Karwan, agogo ake a Shilan, mwana wa a Karwan, mnzake wa Aysel wa m'kalasi amene sankalankhulana naye chiyambire kampeni. Chisoni chinamugwira pang'ono, koma mkwiyo unachiposa. Anabwerera kunyumba chothamanga.

"Amayi, atiphimba! Makoma onsewa sanawaone? Ndipatseni mpeni ndikaichotse."

"Wamwalira ndani?" anafunsa a Nermin, akuika kapu ya tiyi pansi.

"A Gulizar. Ndiye akuimikanso tenti ya maliro pabwalo lomwe lija la msonkhano wathu!"

A Nermin anagwira pakamwa. "Mayi ameneyo ndi amene ankakusambitsa uli khanda, ine ndili chigonere ndi matenda."

Amalume ake a Aysel, a Tarkan, amene ankayendetsa kampeni, anadzuka pampando. "Achemwali, musayambe zanu zija. Msonkhano tingousamutsira kuseri kwa msika. Akufa savota."

"Koma amoyo ali ndi makutu, achimwene. Zimkuzamawu zizisokosa anthu akulira? M'dera lino ayi. Mipando yonse ipite kutenti. Zithunzi zanga za mumsewu umenewo zitsitsidwe, anthu asamalire ine ndikuwamwetulira pakhoma."

Aysel analira misozi yaukali. Miyezi yonseyi amayi ake anayenda khomo ndi khomo mpaka nsapato kutha, lero angotaya zonse? Komabe anawathandiza kunyamula poto wa mpunga kupita kunyumba ya maliro kumene kunakhala azimayi. Masiku onse a maliro a Nermin anali konko, akutsuka timakapu ta khofi, osatchulako za voti ngakhale kamodzi. Shilan anawaona.

Tsiku la chisankho anthu anatuluka m'malo ovotera zala zili ndi inki. Zotsatira zitalengezedwa, a Karwan anapambana ndi mavoti ochepa chabe. A Tarkan anakana ngakhale chakudya.

Kusukulu, Aysel atangolowa m'kalasi, mnyamata wina wapakamwa, Qusay, anaomba m'manja. "Eee, wafika mwana wa olemekezeka! Ku Baghdad munyamuka liti? Kapena amayi ako akutolerabe mipando?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Aysel analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowe.

Pamenepo Shilan anaimirira, atavalabe zakuda. "Tseka pakamwa, Qusay. Bambo ako anamwera khofi pampando womwewo, mwendo pamwamba pa unzake." Anatembenukira kwa enawo. "Nsalu ija anyamata a bambo anga anaikoloweka dala pankhope ya amayi a Aysel. Iwo anabweza ndi mipando ndi mpunga. Bambo anga apambana, koma mpaka lero akulephera kuwayang'ana m'maso."

Shilan anachotsa chikwama chake pabenchi, ndipo Aysel anakhala pambali pake. Manyazi aja anasungunuka, m'chifuwa mwake munadzaza kunyada kumene sanakumvepo ngakhale pamisonkhano yodzaza bwalo.

Ataweruka anapita kuseri kwa nyumba kumene zithunzi zinaunjikidwa. Anasankha chija cha pamphambano, chobooka pamphumi pamene panadutsa waya wa nsalu, n'kuyamba kuchikhomera pageti.

A Tarkan anasuzumira pawindo. "Iwe mwana, waiwala kuti taluza?"

"Ndikudziwa, amalume," anatero Aysel, akuwongola ngodya yopindika. "Tandipatsirani msomali wina."